MGB yanga ikulira gudugudu kutsogolo, ndiyambire pati?

Funso lomwe talandira: "Ndagula MGB ya 1972 yomwe inakhala zaka zambiri itangoimikidwa. Injini ikulira bwinobwino koma kutsogolo kukumveka gudugudu ndikaponda bampu, pamsewu wowongoka ikumapita uku ndi uku moti ndimangokhalira kuwongola, ndikafika pa 90 siteling'i imanjenjemera, komanso tayala lakumanzere likudyeka mkati. Mnzanga akuti ndingogula kiti yonse ya mabushi a polyurethane ndi mashoko a telescopic, zakalezo nditaye. Ndili ndi jeke ndi masipanala. Ndingathe ndekha? Nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, zambiri mwa izi mungathe nokha ndithu, galimoto imeneyi siyovuta, koma chikwama chanu chibwezeni kaye m'thumba. Mwatchula mavuto anayi ndipo n'kutheka kuti lililonse lili ndi gwero lakelake, nde mukangothamangira kiti ija mutha kumanga mabushi atsopano okongola, kutsitsa galimoto, kenako pa bampu yoyamba gudugudu uja n'kubweranso chifukwa chomwe chimalira ndi kingpin kapena trunnion yapansi, zitsulo zolumikiza tayala ku mikono yake zomwe ndizifotokoze pansipa, zomwe mu kiti ya mabushi nthawi zambiri mulibemo. Pa galimoto zakale ntchito yeniyeni ndi kupeza pomwe pakugwedera. Kumasula ndi kumanga n'kosavuta mukadziwa chomwe mukusaka.

Muyambe mwadziwa mmene kutsogoloko kunapangidwira. MGB inatuluka mu 1962 mpaka 1980 ku Abingdon ku England, koma suspension yake ndi yakale kuposa pamenepo, anaikonza ndi injiniya Alec Issigonis, inayambira pa MG Y-type ya 1947, n'kudutsira pa ma MG ena, TD, TF ndi MGA. Zonse zimakhala pa crossmember imodzi, chitsulo chachikulu chopingasa pansi kutsogolo, yomwe imamangidwa ku bodi ndi mabawuti anayi okhala ndi timalabala pamwamba ndi pansi. Pansi pali mikono iwiri yogwirana ndi mbale yomwe sipuling'i imakhalapo. Pamwamba palibe mkono wapadera ngati galimoto za masiku ano, shoko yeniyeniyo, ya kampani ya Armstrong yokhala ndi mikono iwiri, ndi imene ikugwiranso ntchito ya mkono wapamwamba. Pakati pa ziwirizi paima kingpin, chitsulo chachitali chomwe tayala limazungulirapo mukamakhota, ngati mmene chitseko chimazungulirira pa mahinji. Palibe ball joint pamenepa, ndi chitsulo kukhudzana ndi mabushi a mkuwa, nde moyo wake wonse uli pa girisi. Galimoto ikakhala zaka osayenda girisi uja amauma n'kukhala gwa, madzi amalowa, kenako mwini watsopano akangoiyendetsa zitsulo zimayamba kudyana zouma.

Musanagwire sipanala onani matayala. Ndikunena izi chifukwa kunjenjemera kwa siteling'i komwe kumabwera pa liwiro limodzi, pakati pa makilomita 80 ndi 100 pa ola apo, n'kuchepa mukadutsa, kawirikawiri ndi matayala osati suspension. Tayala lomwe lakhala malo amodzi kwa zaka limaphwatalala pomwe limagunda pansi, ndipo labala akauma sabwereranso. M'mbali mwa tayala muli manambala oyamba ndi DOT, anayi omalizawo amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2309 ndi sabata ya 23 mu 2009, ndipo mukapeza manambala atatu okha ndiye kuti ndi la chaka cha 2000 chisanafike, limenelo olo likhale ndi mizere yakuya bwanji musaliyendere. Ngati yanu ili ndi malimu a masipokisi gogodani sipoki iliyonse ndi sipanala yaing'ono, zolimba zimalira mofanana, yokhwepa imalira mogonthera. Malimu amenewo amakhalanso ndi timano pakati pomwe amalumana ndi habu, chitsulo chozungulira chomwe limu imamangidwapo, timanoto tikatha mumamva "kho" mukamanyamuka kapena kuponda buleki, ndipo anthu ambiri amanamizira suspension. Tayala lodyeka mkati lija lisisiteni ndi dzanja mopingasa, likamakanda mbali imodzi n'kusalala mbali inayo ndiye kuti matayala sakuyang'ana kumodzi, likakhala losalala koma lotha mkati mokha ganizirani zoti lapendekeka chifukwa mabushi apansi anaphwanyika.

Galimoto ikadali pansi, pamalo osalala, mpweya m'matayala uli wofanana, yezani kuchoka pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa fenda mbali zonse zinayi. Kusiyana kwa sentimita imodzi musadandaule nako, koma ikapendekeka moonekeratu musafulumire kuweruza sipuling'i yakutsogolo, nthawi zina yafooka ndi yakumbuyo ya mbali inayo ndipo ikukokera kutsogolo mopingasa. Kenako kanikizani kona imodzi ndi thupi lanu lonse n'kusiya. Iyenera kukwera n'kukhazikika. Ikamapitiriza kuvina shoko yafa kapena ilibe oyilo. Mukatero wina akhale mkati azigwedeza siteling'i pang'onopang'ono kumanja kumanzere, inu muli chogona ndi tochi kuyang'ana tie rod end iliyonse (kajoini ka kunsonga kwa ndodo yokhotetsa tayala), joini ya pa shafiti ya siteling'i, ndi mabawuti omwe agwira rack, chitsulo chopingasa chomwe chimakankha ndodozo mukapotoza siteling'i. Chomwe mukufuna kuona ndi malo omwe chitsulo chimodzi chikuyamba kuyenda chinzake chisanayambe. Ikani chala pa joiniyo, chala chimamva zomwe maso sakuona.

Tsopano kwezani. Apa ndinene mosabisa, jeke ndi yokwezera basi, si yogonera pansi pake, ndipo njerwa kapena mabuloko a simenti amasweka osachenjeza. Pezani masitandi enieni achitsulo, tsekerani matayala akumbuyo, handibuleki ikhale yokoka. Poyeza kugwedera ikani jeke pansi pa mbale ya sipuling'i ija, kufupi ndi tayala, kuti sipuling'i ipanikizike ndipo kingpin ipepukidwe, chifukwa mukangosiya tayala lili lende sipuling'i imakoka zonse n'kubisa kugwederako, mumaona ngati zili bwino pomwe zatha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza mwamphamvu. Mukamva kugwedera uzani mnzanu aponde buleki n'kugwedezanso. Kukasowa ndiye kuti ndi mabering'i a habu, kukatsala ndi kingpin kapena trunnion. Kenako gwirani kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, kugwedera kwa uku ndi kwa tie rod end kapena joini yamkati ya rack. Pomaliza lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala n'kulitukula, muone ngati stub axle, chitsulo chomwe habu imazungulirapo, ikukwera ndi kutsika pa kingpin. Kusuntha pang'ono kwambiri kumaloledwa, koma mukamva "kho kho" ndiye kwapitirira.

Malo omwe ine ndimawakayikira poyamba pa MGB yomwe yakhalitsa ndi trunnion yapansi, pomwe kingpin imakumana ndi nsonga za mikono iwiri ija. Pamenepo pamadutsa bawuti yaitali mkati mwa kachubu kachitsulo, ndipo mmene anakonzera, bawuti ndi kachubu ziyenera kugwidwa nji ndi mikono, chozungulira chikhale kingpin pa kachubuko. Girisi akasowa kachubu kamamatirira ku kingpin ndi dzimbiri, koma galimoto siisiya kudumpha mabampu, nde chinachake chiyenera kuzungulira basi, ndipo chomwe chimayamba kuzungulira ndi bawuti ija mkati mwa mabowo a mikono. Pang'ono ndi pang'ono mabowo ozungulira aja amatalika, bawuti nayo imadyeka n'kukhala ndi khosi. Ndiye gudugudu wanu angakhale ameneyu, kuyendayenda pamsewu kungakhalenso komweku, ngakhale tayala lodyeka mkati lija. Kuzindikira kwake n'kosavuta: mnzanu azidumphitsa galimoto inu mukuyang'ana mutu wa bawutiyo, ukamazungulira pa mkono m'malo moyenda limodzi ndi mkono, kapena mukaona fumbi lofiira la dzimbiri mozungulira mutuwo, mwapeza. Mikono yomwe mabowo ake atalika isinthidwe. Ena amawotcherera wosha pabowopo kuti adutse, ine sindikulangizani zimenezo, chifukwa bawuti imeneyi ikaduka tayala limapindikira mkati mwa fenda galimoto ili pa liwiro.

Shoko nayo muiyang'ane ngati mkono osati ngati shoko chabe. Yambani ndi mabawuti anayi omwe aigwirizira ku crossmember, amakhwepa, ndipo akakhwepa phokoso lake limamveka ngati galimoto ikuthyoka pomwe mankhwala ake ndi sipanala basi. Onani pomwe mikono imatulukira m'thupi la shoko, pakakhala ponyowa ndi oyilo ndiye kuti masilo atha, ndipo shafitiyo ikamagwedera cham'mbali ndiye kuti pamwamba pa kingpin palibe chogwira zolimba. Pukutani bwino pa pulagi musanatsegule kuti dothi lisalowe, thirani oyilo wa mashoko kapena oyilo wopepuka wa hayidiroliki wa SAE 20 mpaka pakamwa pa bowo. Brake fluid ayi, amawononga masilo. Ena amathira oyilo wolemera wa giyabokosi poganiza kuti shoko ilimba, zomwe zimachitika n'zoti mavavu ndi shafiti zimapanikizika mopitirira ndipo imafa msanga. Mukaimasula ku kingpin yendetsani mkono ndi dzanja kuchoka pamwamba mpaka pansi kangapo, iyenera kukana mofanana njira yonse. Pakakhala malo omwe mkono ukungodutsa pululu, ndipo sizikusintha olo mutathira oyilo n'kupopa kuti mpweya utuluke, imeneyo yatha. Sinthani ziwiri zonse nthawi imodzi.

Mukadziwa zomwe zatha ndi pomwe mungalembe zogula. Ndipo pogula nenani chaka ndi mtundu, chifukwa masipuling'i a GT, yadenga lachitsulo, ndi a yopanda denga ndi osiyana, komanso kuyambira kumapeto kwa 1974 pomwe anabweretsa mabampala akuda a labala galimoto inakwezedwa ndipo crossmember inasintha. Yanu ya 1972 ndi ya mabampala a kromu, musalole kupatsidwa za zinazo.

Pomasula chitani mbali imodzi imalizike musanagwire inayo, kuti mukasokonezeka kuti wosha uyu amalowa kuti muzikasuzumira mbali yomwe simunaigwire. Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse. Masiku angapo ntchito isanayambe tsukani matope ndi girisi wakale ndi burashi ya waya n'kumathira mafuta omasulira dzimbiri pa nati iliyonse, m'mawa ndi madzulo. Masipanala anu akhale a mainchi, 1/2, 9/16, 5/8, 3/4 ndi ena otero, chifukwa galimotoyi ilibe mabawuti a mamilimita, ndipo 13 pa nati ya 1/2 imaoneka ngati yalowa koma pa nati yadzimbiri imangoiphwanya makona. Chotsani caliper ya buleki, chopanira chomwe mapadi amakhalamo, muimangirire ndi waya ku bodi, isalendewere pa paipi yake ya labala. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi mpweya, mapadi akale ambiri anali ndi asbestos, pukutani ndi nsanza yonyowa.

Tsopano sipuling'i. Apa ndi pomwe anthu amavulala, nde werengani modekha. Sipuling'i yakutsogolo imakhala yopanikizika ngakhale tayala lili m'mwamba, ndipo mphamvu yomwe yasunga ndi yokwana kuthyola dzanja kapena nsagwada. Njira yomwe ambiri amagwiritsa pa MGB ndi iyi: galimoto ikhale pa masitandi mokwera ndithu, ikani jeke yamawilo pansi pa mbale ya sipuling'i, kwezani mpaka mikono ya shoko ichoke pa labala yomwe imagundapo, masulani link ya anti-roll bar (ndodo yoletsa galimoto kupendekeka pa kona) ndi tie rod end, kenako chotsani bawuti yapamwamba yolumikiza shoko ndi kingpin, n'kumatsitsa jeke pang'onopang'ono mpaka sipuling'i itatambasuka yonse n'kumagwedezeka ndi dzanja. Musanayambe dutsitsani tcheni kapena lamba wolimba mkati mwa sipuling'i n'kumangirira ku mkono wapansi kuti ikati ithawe isapite patali, ndipo inu mukhale chakutsogolo kwa galimoto osati moyang'anizana nayo. Koma njira imeneyi imadalira kulemera kwa injini. Ngati injini mwaitsitsa, jeke imangonyamula galimoto yonse kuichotsa pa masitandi sipuling'i osapanikizika olo pang'ono, pamenepo pafunika spring compressor yeniyeni. Ndipo chonde musamasule mabawuti a mbale ija kapena bawuti yapansi popanda jeke pansi, olo wina akuuzeni kuti iye amatero.

Bawuti yapamwamba ija ndi yapansi zimakonda kukanirira. Ikakana musamenye pa mazinga ndi hamala, nsonga imafutukuka n'kulephera kudutsa pabowo. Bwezerani nati mpaka ifanane ndi nsonga, menyani kudzera pa chitsulo chofewa, ikakanabe dulani ndi sowo pakati pa mkono ndi trunnion, bawuti yatsopano ilipo. Pamwamba pali kabawuti kena kopanikiza mikono iwiri ya shoko, kamasuleni kaye kuti mikono itseguke pang'ono. Moto umathandiza pa nati yadzimbiri koma usayandikire shoko, paipi ya buleki kapena ya petulo, ndipo steering arm (kamkono komwe tie rod end imalowapo) ndi stub axle zisaotchedwe mpaka kufiira kapena kuwongoledwa ndi hamala. Chopindika chisinthidwe. Tie rod end imatuluka ndi chida chake chokanulira, kapena kumenya m'mbali mwa diso la steering arm ndi hamala ina itatsamira kuseri, ndipo poichotsa pa rod werengani kuti yazungulira kangati, mulembe, kuti yatsopano ikalowe pafupifupi pomwepo.

Kingpin yokha ndi yomwe ndingakuuzeni kuti musalimbane nayo pakhomo. Kuchotsa mabushi akale ndi kukhomera atsopano si nkhani, vuto ndi loti akalowa amafunika kuwakulungiza ndi reamer, chida chopalira mkati mwa bowo, kuti kingpin ilowe mothina bwino, ndipo bushi yapamwamba ndi yapansi ndi zosiyana kukula koma ziyenera kukhala pamzere umodzi ndendende, nde pamafunika reamer yake yaitali yodula ziwirizo osasemphana. Mukapala ndi fayelo kapena sandipepa kingpin ilowa inde, koma ikhala ikugunda malo ochepa, pakangopita miyezi kugwedera kwabwerera, apo ayi siteling'i ikhala yolimba yosabwerera yokha mukamaliza kona. Njira ziwiri zabwino ndi kupereka stub axle kwa a makina omwe ali ndi chidacho, kapena kugula yokonzedwa kale yomwe imabwera ndi kingpin yake, ogulitsa masipeya a MG ambiri amachita zosinthanitsa ndi yakale. Ili m'manja choncho itsukeni iwale muyang'anitsitse patsinde pomwe bering'i yamkati imakhala, mukaona kamzere ngati katsitsi ndi mng'alu umenewo, isabwererenso pa galimoto.

Za polyurethane zomwe akunena mnzanuyo sizolakwika, kungoti si mankhwala a chilichonse. Mabushi a labala oyambirira a mkati mwa mikono yapansi anali a zidutswa ziwiri ndipo sachedwa kufutukuka, makamaka oyilo wa injini akamadonthera pamenepo. Anthu a MGB anapeza kalekale njira yapakati, kuika mabushi a MGB GT V8, ija inapangidwa kuyambira 1973 mpaka 1976, omwe ndi chidutswa chimodzi chokhala ndi kachubu kachitsulo mkati. Amalowa malo omwewo, amalimba, ndipo galimoto imakhalabe yofewa. Polyurethane saopa oyilo ndipo amakhalitsa, koma olimba kwambiri aja amabweretsa kugunda konse kwa msewu m'manja mwanu, ndipo mukapanda kuwapaka girisi wake wapadera amalira tswii tswii pa bampu iliyonse. Kwa galimoto yongoyendera, ine ndingasankhe a V8 kapena polyurethane wofewa. Chomwe chimapha mabushi atsopano msanga ndi shafiti yadzimbiri yomwe amakhalapo, ikakhala yokumbika ngati chisa imawadya mkati, nde ipaleni isalale kapena isinthidwe. Poika a labala gwiritsani madzi a sopo, osati girisi wamba kapena oyilo. Timalabala ta crossmember tija musatiiwale, sinthani mbali imodzi imodzi jeke itagwira crossmember.

Pomanga pali chinthu chimodzi chomwe chimasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yobwereza. Bushi ya labala siizungulira pa shafiti, imapotokola mkati mwake. Mukaimanga zolimba tayala lili lende, mukatsitsa galimoto imakhala itapotoka kale isanayende n'komwe, ikagunda bampu imapotoka mopitirira n'kung'ambika, komanso galimoto imaima mokwera modabwitsa. Nde manati a mabushi amkati ndi a trunnion yapamwamba muwasiye omangika ndi dzanja, tsitsani galimoto iime pa matayala ake, idumphitseni, ikankheni kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mumange zolimba. Ngati simukukwana pansi, matayala aponde pa maramp kapena pa matabwa ochindikala. Sipiliti pini iliyonse ikhale yatsopano, msomali si sipiliti pini, ndipo manati okhala ndi pulasitiki mkati aja akamasulidwa kamodzi asinthidwe. Bawuti yapansi ndi kachubu kake zipakeni girisi musanalowetse, mawosha ndi masilo ake alowe mwa dongosolo lomwe munajambula lija. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, mubwereke ngati mulibe, manambala ake ali mu workshop manual, buku limenelo likhale pambali panu.

Mabering'i a habu pa MGB amamangidwa mosiyana ndi galimoto zambiri, ndipo amakanika ozolowera zina amalakwitsa apa. Pa zambiri mumamanga nati n'kubweza pang'ono. Pa iyi pakati pa mabering'i awiri pali spacer, kachubu kowatalikitsa, ndi mashimu, timawosha topyapyala ta 0.003, 0.005 ndi 0.010 inchi, nati imamangidwa zolimba, kuyambira 40 lb ft pa torque wrench n'kupitiriza mpaka bowo la pini lionekere koma osadutsa 70, ndipo mpata womwe habu imasewera umachokera ku mashimuwo, uyenera kukhala pakati pa 0.002 ndi 0.004 inchi. Yezani zili zouma kaye musanapake girisi, muwonjezere kapena kuchotsa shimu mpaka habu izizungulira momasuka ndi kampata kongomveka pang'ono. Mukapeza kuti wina anataya spacer n'kumanga mwa njira inayo, bwezeretsani, spacer ikapanikizika imalimbitsanso stub axle.

Rack ya galimoto imeneyi imafuna oyilo wa giya wa EP90, pafupifupi 0.2 lita, osati kuidzaza girisi. Mabuti a labala a m'mbali akang'ambika oyilo amatayika, mchenga umalowa, nde asintheni pomwe tie rod end ili kunja kale. Ngati mwamasula rack pa crossmember samalani timashimu tomwe mungapeze pansi pake, tibwerere malo ake, timathandiza kuti rack iyang'anizane ndi shafiti ya siteling'i, mukaikakamiza siteling'i imalimba malo ena n'kufewa malo ena.

Alayimenti ndi yomaliza, osati yoyamba, kuipanga pa galimoto yogwedera n'kutaya nthawi. Pa MGB chosinthika ndi toe yokha, kuyang'ana mkati kapena kunja kwa matayala. Camber (kupendekeka kwa tayala cham'mbali), yomwe ndi pafupifupi digiri 1, ndi caster (kupendekera kumbuyo kwa kingpin) ya madigiri 7 zinakhazikitsidwa kufakitale, nde makina akaonetsa kuti mbali imodzi yasiyana kwambiri ndi inzake pamene zonse ndi zatsopano, pali chopindika, mwina mkono, mwina crossmember, mwina galimoto inagundapo kale. Matayala ayenera kuyang'ana mkati pang'ono, kutsogolo kuchepe ndi 1/16 mpaka 3/32 inchi poyerekeza ndi kumbuyo, ndiye kuti cha m'ma 1.5 mpaka 2.3 mm. Pakhomo mutha kuyandikitsa: ikani chizindikiro cha choko pa mlomo wa limu kutsogolo pa msinkhu wa habu mbali zonse, yezani mpata wake, kankhani galimoto kutsogolo mpaka zizindikirozo zifike kumbuyo pa msinkhu womwewo, yezaninso. Pokonza zungulitsani marod onse awiri mofanana kuti siteling'i ikhale pakati, ndipo masulani kaye kakilipi kakang'ono ka buti kuti isapotoke. Izi zikufikitsani kwa a makina osadya matayala atsopano panjira, kumeneko akamalizitse.

Mashoko a telescopic aja, aatali ngati paipi a galimoto za masiku ano, ine ndingati dikirani. Pa MGB simungangochotsa shoko yakale chifukwa ndi mkono wapamwamba, makiti ambiri amangoti muchotse vavu yake n'kumangirira telescopic pambali ndi mabulaketi, kutanthauza kuti shafiti ya shoko yakaleyo ikakhala yogwedera igwederabe. Anthu ambiri omwe amati telescopic inasintha galimoto yawo amayerekeza ndi Armstrong yakufa yopanda oyilo, osati yamoyo. Konzani momwe inapangidwira, muiyendetse miyezi ingapo, mukaona kuti ikuperewerabe pa mayendedwe anu ndiye muganize zosintha, ndipo nthawi imeneyo mwina mupeza kuti anti-roll bar yokulirapo ikupatsani zomwe mumafuna mosavuta.

Mukamaliza popani girisi pa manipo onse, ambiri amakhala atatu mbali iliyonse, awiri pa kingpin ndi imodzi pansi, jeke ili pansi pa mbale kuti girisi adutse mbali yomwe imanyamula katundu, mukupotoza siteling'i uku ndi uku mpaka watsopano atulukire m'mphepete. Nipo yokana kulandira ichotseni muitsuke kapena muike ina, osangoidumpha. Izi muzichita pa mamailosi 3,000 aliwonse, pafupifupi makilomita 5,000, kapena kawiri pachaka ngati imayenda mwa apo ndi apo. Musanatuluke pageti pondani buleki kangapo mpaka pedulo ilimbe, chifukwa mapisitoni a caliper amakhala atabwerera mkati. Ulendo woyamba ukhale waufupi komanso wapang'onopang'ono, mukabwera gwirani habu iliyonse ngati yatentha, ndipo mukayenda makilomita 100 mpaka 200 lowaninso pansi ndi sipanala muyese mabawuti a shoko, a shafiti yamkati, a mbale ya sipuling'i ndi a crossmember, chifukwa malabala atsopano akakhazikika ena mwa iwo amapezeka akhwepa.